Goloboyi Amene Anatsinzina

Abale anga, inu muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa mawu angawa anapsa kale ndi kachasu, safika patali. Ndaona ena mukukodolana chifukwa cha kabudula ndanyamulayu. Sekani, palibe mlandu. Ndi wamkuludi, anthu awiri owonda ngati ine atha kulowamo n'kutsalabe malo a nkhuku. Koma kabudula ameneyu ndiye anandivuula m'mowa, ndipo ndisanakhale pansi mudziwa kuti anayezedwa m'chiuno mwa yani.

Dzina langa ndi Fositino. Akuluakulu amene munkabwera ku bwalo la kuseri kwa siteshoni kuno ku Balaka, nkhondo yaikulu ija itangotha kumene, mukundidziwa ndi dzina lina. Ankanditcha Chitseko. Ndinali goloboyi wa timu ya pa siteshoni, ndipo ndikaima pakati pa mitengo iwiri ija amayi ankaimba kuti chitseko chatsekedwa, alendo bwererani kwanu. Lero ndaima pamaso panu, inu amene mukulimbana ndi botolo monga ndinalimbanira nalo ine, kuti ndikuuzeni mmene chitseko chija chinagwera. Ena a inu mukumenyabe mpira, ndikukuonani ndi zipsera m'miyendomo. Inuyo tcherani khutu kawiri.

Mpira ife tinauyamba ndi chikulunga cha nsanza chomanga ndi luzi, pa sukulu ya mishoni. Wachikopa tinadzauona titamera kale ndevu. Anabwera nawo mphunzitsi wina wochokera ku Zomba, mpira wa zingwe pakamwa, woti ukaumenya ndi mutu zingwezo zimakudinda pamphumi. Azungu anali ndi mabwalo awo a kapinga m'matauni, amwenye awonso, ife lathu la fumbi ndi timiyala, ndipo tinkasewera opanda nsapato. Koma musaganize kuti mpirawo unapeza dziko lopanda kanthu. Kale midzi inkapikisana pa gule, ng'oma za uku ndi ng'oma za uko, kuti aone amene aphimbe mnzake. Kale amuna akamakonzeka kupita ku uzimba ankasamba mankhwala n'kuleka kulowa m'nyumba za akazi awo. Zonsezo tinazisenza n'kukazitula pa bwalo la mpira: ng'oma, nyimbo zonyoza alendo, mankhwala, ndi kudika komwe. Inde, ife omwe obatizidwafe. Lamulungu m'mawa korona m'manja, masana mphini m'mikono.

Ntchito yanga inali yokweza mabelo a thonje m'mabogi a sitima. Ndinakwatira ku Rivirivi, ndinali mkamwini kumeneko. Akazi anga ndi a Filomena, ndipo nthawi imeneyo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Malita, wongoyamba kuyenda. A Filomena mpira sankaumvetsa, koma mabala anga ankawadziwa onse. Ndikadzigwetsa pa nthaka youma ija, khungu la m'chiuno ndi m'maondo linkatsala pomwepo, iwo n'kumanditsuka ndi madzi otentha uku akudandaula. "Abambo a Malita, kodi mwana uyu adzakula bambo ake ali ndi khungu?"

Ndiyeno panali Dominiko. Mnzanga ameneyu tinakulira limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi, bwenzi la ponda apa nane ndipondepo. Iye sukulu inamukonda, anakhala kalaliki wolemba katundu pa siteshoni, n'kuyamba kutuluka kamimba. Pa timu anali kaputeni, ndipo ankasewera kumbuyo, kutsogolo kwanga kwenikweni. Pakamwa pake panali pa uchi. Dominiko akakuuza kuti dzuwa latuluka kumadzulo, iwe unkayamba kukayikira maso ako.

Chaka chimenecho wamalonda wina anaika chikho choti matimu a mbali zonse ziwiri za Shire alimbirane. Tinagwetsa onse mpaka tinatsala awiri, ife ndi timu ya kutsidya, cha ku Machinga. Timu imeneyo inali ndi munthu mmodzi amene dziko lonse linkamukamba, msilikali wobwerera ku nkhondo, ankangomuti Sajeni. Sajeni ankasewera atavala jombo za usilikali, za misomali kunsi. Lamulo loletsa panalibe. Amene ali ndi nsapato avale, amene alibe apemphere.

Dominiko anati masewero otere safuna miyendo yokha. Anabweretsa sing'anga, ndipo sing'angayo anali apongozi ake enieni, bambo a mkazi wake. Mkuluyo anatitsekera m'shedi ya matumba masiku asanu ndi limodzi. Anatisambitsa mizu, ine n'kunditema mphini m'manja monsemu. Malamulo anali awa: palibe wopita kunyumba, palibe wodya chakudya chothiridwa mchere ndi mkazi wake, palibe wolandira kanthu kuchokera m'manja mwa mkazi. Akazi kumudzi nawonso adzisunge, pakuti mkazi akayenda njira ina mwamuna ali pa mankhwala, wamusempha, mankhwalawo amasukuluka. Wololedwa kutuluka anali Dominiko yekha, poti ndiye ankayendetsa zonse.

Tsiku la mpirawo bwalo linadzaza mpaka anthu m'mitengo. A kutsidya anawoloka Shire ndi ng'oma zawo. Tinamenyana chigawo choyamba, palibe chigoli. Chigawo chachiwiri ndinagwira mipira itatu yoti anthu anali ataimirira kale. Dzuwa litapendeka, oimbira atayamba kuyang'ana wotchi, mpira unagwera kwa Sajeni. Anabwera molunjika, fumbi koboo. Patsogolo pake panali Dominiko yekha. Dominiko anayang'ana jombo zija, n'kupatuka pang'ono, ngati munthu wopereka njira kwa bwana.

Tinatsala awiri. Ntchito ya goloboyi pamenepo ndi imodzi, nonse mukuidziwa: kutuluka, kudziponya pa mapazi a munthuyo, kukumbatira mpira. Ndinali nditachita zimenezo kosawerengeka. Ndinatuluka. Ndinadziponya. Koma ndili m'malere ndinaona misomali ya kunsi kwa jombo ikung'anima, ikubwera kumaso kwanga.

Abale anga, ndinatsinzina.

Ndinatsinzina n'kutembenuzira nkhope kumbali. Sajeni sanamenye n'komwe mwamphamvu, anangoukankha. Mpira unadutsa kunsi kwa khwapa langa pang'onopang'ono, woti ndi Malita yemwe akanaugwira. Nditatsegula maso, ng'oma za kutsidya zinali zikulira, zathu zili zii.

Anthu anangomwazika. Koma Dominiko anabwera, n'kundigwira paphewa. "Si iwe, mnzanga," anatero. "Manja akowa ndimawadziwa kuyambira tili ana. Mpira wotere sungakudutse wamba. Pali chachitika."

M'mawa mwake timu yonse ndi otitsatira anasonkhana pa shedi paja, mitima ili m'mwamba, ena atanyamula miyala kufuna sing'anga. Mkulu uja anayala ula wake, n'kuombeza, n'kupukusa mutu. Anati mankhwala anali bwinobwino paliponse, koma anasukuluka pa golo pokha. Anthu anati, "Nanga Chitseko sanagone muno masiku onse? Tonse tinkamuona." Sing'anga anati, "Ngati iye sanatuluke, funsani kunyumba kwake."

Pamenepo Dominiko anausa moyo, maso pansi, ngati munthu womukoka mawu ndi chingwe. "Sindinafune kunena, chifukwa uyu ndi m'bale wanga. Koma sabata ino mlamu ndawaona kawiri pa khonde la telala uja, Che Yusufu. Ulendo wachiwiri analowa kuseri kwa nsalu."

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu kwa zaka zisanu. Nditamva mawu amenewo, choyamba kubwera mumtima mwanga sichinali mkwiyo iyayi. Ndinapepukidwa. Ndinamva ngati anditula belo la thonje pamutu. Ndiye kuti si ine! Ndiye kuti maso aja sanatsinzine okha, anatsinzinitsidwa! Mkwiyo unabwera pambuyo, ndipo ndinachita kuuitana ndekha, n'kuukolezera.

Miyala imene inakonzedwera sing'anga inapita kwa telala. Che Yusufu anali bambo wachikulire, Msilamu, wosoka pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anamugenda tsiku lomwelo, ndipo dzuwa lisanalowe anali atasenza makina ake kulowera ku Shire. Anthu anati, "Mwaona? Wosalakwa sathawa."

Mlandu unakambidwa ku Rivirivi pamaso pa ankhoswe. Mbali ya akazi anga panali amalume awo, a Zakaliya. A Filomena anakhala pa mphasa, Malita pamiyendo, ndipo sanalire. Anati, "Kwa telala ndinapitadi. Ndinakasoketsa kabudula wa abambo a Malita, wa thonje m'kati, kuti asamasupuke akagwa. Poti iwo anali otsekeredwa, ndinapempha alamu a Dominiko kuti telala ayezere pa iwo. Ndi iwo omwe anandiuza kuti ndisakatenge mpaka mpira utatha, chifukwa sing'anga waletsa. Ali apawa, afunseni."

Maso onse kwa Dominiko. Iye anatambasula manja, nkhope yachisoni. "Mlamu, pepani. Ine za kabudula ndikuzimva lero."

A Filomena anamuyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine. "Abambo a Malita," anatero motsitsa mawu, "inu mukudziwa chimene chinachitika pa golo paja. Nenani."

Ha! Ndinadzuka ngati wolumidwa ndi linthumbu. Ndinakalipa, ndinatukwana, ndinawatcha mayina amene sindingawabwereze pano pafupi ndi nyumba ya Mulungu. Ndinapinda mphasa yanga, n'kutenga nkhwangwa yanga, ulendo. Pasanathe mwezi nyimbo inali itapekedwa kale. Amayi omwe aja ankaimba za chitseko anayamba kuimba za mkazi amene anatsegulira alendo. Dzina la Filomena linafa. Kuchitsime, kumsika, ngakhale pakhomo la tchalitchi, ankawatcha Nachigoli. Mwana wanga anakula akutchedwa mwana wa Nachigoli.

Ine anthu ankandimvera chisoni, ndipo chisoni cha amuna mukuchidziwa, chimabwera m'botolo. Uyu andigulira, uyo andigulira. "Imwa, Chitseko, akazi ndi choncho." Ndinkamwa kuti ndigone, chifukwa ndikangotseka maso ndili wabwinobwino ndinkaona misomali ija. Pa golo ndinayamba kuona mipira iwiri n'kugwira wolakwika. Chaka chisanathe Dominiko yemweyo anandiitanira pambali, ndi mawu ake okoma aja, n'kundiuza kuti ndipume kaye. Malo anga anapatsa mng'ono wa mkazi wake. Ku siteshoni anandipeza nditagona m'bogi dzuwa lili paliwombo, ntchito inathera pomwepo. Malaya ndinasinthitsa ndi kachasu. Nkhwangwa inapita. Korona wa amayi anga ndinamusiya kwa mayi wina wotcheza mowa ku Utale. Ndinawoloka Shire osadziwa kumene ndikupita, ndinagona m'zigafa za fodya, ndinalumidwa ndi agalu a eni, mpaka ndinakatulukira ku Nsanama.

Ku Nsanama wina anandizindikira. Ndiye panayambika sewero. Tsiku la msika anthu a pa mowa ankandiimika pakati pa mitengo iwiri ya mango, n'kumandiponyera chilichonse: dzungu, papaya losapsa, chikho chosweka. "Chitseko, gwira!" Ndikagwira, kapu ya kachasu. Ndikaphonya, kuseka. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, kudziponya m'fumbi pofuna dzungu, nsanza zikuuluka, matako pamtunda. Ndipo ndinkawathokoza. Apo ndiye pansi penipeni pamene ndinafika, abale anga, ndipo ndinakhalapo zaka.

Tsiku lina la msika, chakum'mawa ndithu, wina anaponya papaya mopitirira. Ndinalithamangira, ndinaphonya, n'kukagwa chafufumimba pafupi ndi khonde la kasitolo kena. Ndili chigonere ndinamva makina osokera akulira pamwamba panga. Kenako analeka.

"Che Fositino," anatero mawu.

Panali patatha zaka munthu asananditchule dzina limenelo. Ndinadzutsa mutu. Bambo wa ndevu zoyera, kofia kumutu, chipsera chachikulu pamwamba pa diso. Che Yusufu.

Ndinafuna kumulumphira pakhosi, koma ndinangotukwana ndili pansi pomwepo. Ndinati ndiwe unandiphera banja, ndiwe unandigwetsera chikho. Iye anadikira mpaka mawu anandithera, ngati mmene umadikirira mvula kuti ikate. Kenako anati, "Mwamaliza? Khalani apa pa mthunzi. Ndili ndi katundu wanu."

Analowa m'kati, ndinamva akukoka bokosi. Anatuluka ndi kamtolo kokulunga m'pepala lofiirira, n'kukaika pamiyendo panga. Mfundo inandikanika, anachita kundimasulira yekha. M'katimo munali kabudula uyu. Khaki wolimba, wofika m'maondo, m'mbalimu mofufuma. Ndinadina ndi chala, munali mofewa.

"Thonje limenelo ndi la m'munda mwa akazi anu," anatero Che Yusufu. "Njere anachotsa okha ndi manja. Anandipatsa nkhuku, ntchito ndinamaliza. Tsiku munandigenda ndinasiya mipando, ndinasiya nsalu, koma ichi ndinatenga. Kwathu timati amana, chosungitsa cha mwini. Sungagulitse, sungavale, sungataye. Ndakhala ndikukuonani pa mango paja nthawi yonseyi, koma ndinkaopa kukupatsani mutaledzera, mukanakamwera. Lero mwagwera nokha pakhomo panga."

Ndinati, ndi liwu laling'ono, "Mwina munasoka pambuyo pake, kuti mudziyeretse."

Che Yusufu anaseka, koma osati mokondwa. "Ngwamba, iyayi. Taimirirani muyese."

Ndinaimirira, ndinavala pamwamba pa nsanza zanga. Nditangosiya, kabudula yense phuu, pansi. Ndinakweza, ndinasiya, phuu. Ngakhale masiku amene ndinali ndi thupi sakanandikhala.

"Walahi, ndikulumbira, ndinawauza mayi aja," anatero telala. "Ndinati amuna anu ndimawaona pa bwalo, ndi owonda, awa mwabwera nawowa ndi a mimba. Koma kalaliki uja anati, yezani basi, ine ndi iye ndife munthu mmodzi. Kuseri kwa nsalu analowa ndi iyeyo, kukavula lamba. Akazi anu anakhala panja pa benchi."

Ndinayang'ana m'chiuno mwa kabudula muja. Ndinalowetsa mkono wonse, malo n'kutsalabe. Chiuno cha Dominiko. Ndinkachidziwa ngati changa chomwe, tinkasamba limodzi mumtsinje wa Rivirivi. Munthu amene anaimirira pamaso pa ankhoswe n'kunena kuti za kabudula akuzimva lero, mimba yake inali m'manja mwangamu, yosokedwa ndi ulusi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinalira pamenepo, msika wonse ukuona. Ndinalira chifukwa cha mnzanga amene ndinamukhulupirira kuposa mkazi wogona naye mphasa imodzi. Che Yusufu anandisiya ndilire. Kenako anawerama n'kundifunsa funso limene linandipweteka kuposa chilichonse.

"Kalaliki ananama, tadziwa. Sing'anga ananama, tadziwa. Nanga ngati akazi anu sanakusempheni, mpira uja unalowa bwanji?"

Ndinati ndinene za dzuwa, ndinati ndinene za fumbi. Mkulu uja anangondiyang'ana, lumo lili m'manja.

"Ndinatsinzina," ndinatero. "Ndinaopa jombo."

"Basi?" anatero. "Munthu aliyense wa maso awiri akanaopa jombo zija. Zimenezo ndi zimene mwaphera anthu atatu, ine, akazi anu ndi inu nomwe?"

Tsopano mverani za kubwerera, chifukwa sikunali kwa tsiku limodzi. Wina asakunamizeni kuti ukangolira ludzu limatha. Che Yusufu, munthu amene ndinamugendetsa, anandipatsa malo ogona kuseri kwa sitolo ndi ntchito ya manja: kukoleza makala a simbi, kusita, kusokerera mabatani. Anati manja opanda chochita ndiwo amatambalala kulandira kapu. Sabata zoyamba ndinkanjenjemera moti singano inkandilasa kuposa mmene inkalasira nsalu. Thukuta, kusanza, kuona zinthu pakhoma. Ankandimwetsa tiyi wa shuga wambiri ndi phala, ndifune ndisafune. Njira yodutsa pa mango paja ndinaileka, ndinkazungulira kuseri kwa mzikiti ngakhale kunali kutali. Tsiku la msika sindinkachoka pa khonde. Anzanga aja ankabwera ndi dzungu, "Chitseko, gwira!" Ndinkangoti dzina langa ndi Fositino, dzungu n'kugwa pansi.

Ndinagwa kawiri, sindibisa. Ulendo wachiwiri ndinasowa masiku atatu. Nditabwera ndi manyazi, Che Yusufu anangopachika kabudula uja pa msomali, pamene ndinkasitira, kuti ndizimuona tsiku lonse. Ndipo Lamulungu lililonse ankandithamangitsa. "Ine chipembedzo chanu sindikusinthani. Pitani kwanu mukapemphere, muli ndi zambiri zokanena kumeneko." Ndinapita, ndinaulula zonse, ndi za mphini zomwe.

Dzinja linadutsa, tinakolola, pakamwa panga posalawa dontho. Ndipamene mkulu uja anandiuza kuti, "Mowa mwaleka, koma mowa sunali mlandu wanu. Mlandu uli ku Rivirivi, ndipo suwola."

Ndinawoloka Shire. Ndinayamba ndi Dominiko. Ndinamupeza pa khonde la ofesi, atanenepa kuwirikiza, tsopano ali mlembi wa matimu onse a dera lino. Atandiona anatambasula manja. "Aaa, Chitseko! Uli moyo?" Ndinamasula pepala, n'kuyala kabudula pa tebulo lake. Anamuyang'ana, ndipo nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Zakalekale zimenezi," anatero. "Iwe, ganiza bwino. Tsiku lija apongozi anga akanawagenda. Ine akanandifunsa chifukwa chimene ndinapatukira. Iwe bwenzi akukuimba mpaka lero kuti ndiwe wamantha. Ndinatipulumutsa tonse atatu, ndi timu yomwe. Ndinkayesa kuti mukangana sabata imodzi n'kubwererana. Za m'banja ndani amazitenga choncho?"

"Ndiye unaona kuti ndinatsinzina?"

"Ndinali pambali pako pomwepo, mnzanga."

Mnzanga! Mpaka lero mawu oti pepa sanatuluke pakamwa pa munthu ameneyo. Timakumana pa msewu, amandivulira chipewa. Amatiphunzitsa kukhululuka, ndipo ndikuyesa, Mulungu ndi mboni. Koma ndikanama ndikati ndafika. Ndikamuona pamtima pamatentha ngati tsiku lomwe lija.

Kuchoka apo ndinapita kwa a Zakaliya, amalume a akazi anga. Sanandiyalire mphasa. Anamva zonse ataimirira, n'kunena kuti, "Dzina la mwana wathu munaliipitsira pagulu. Musabwere kudzalitsukira kuseri kwa nkhokwe."

Lamulungu lotsatira kunali mpira pa bwalo lomwe lija. Matimu atandanda, ndinalowa pakati nditavala kabudula uyu, womanga ndi luzi m'chiuno. Anthu anafa nacho chiseko. Ndinapempha oimbira kuti andibwereke wezulo, ndinaliza katatu mpaka bwalo linati zii. Ndinanena zonse. Ndinati chikho chija sanagwetse ndi mkazi, sanagwetse ndi telala. Ndinati kabudula uyu ndi umboni, ndipo amene anayezedwa akudzidziwa, ali pampando apo. Ndinati mpira unalowa chifukwa ine Fositino, amene munkanditcha Chitseko, ndinaona jombo, ndinachita mantha, ndinatsinzina. Ena anawowoza. Wina anandigenda ndi chitsononkho. Amayi ena achikulire, omwe aja oyambitsa nyimbo, anagwira pakamwa. Dominiko anali akuyang'ana wotchi yake.

M'mawa mwake a Zakaliya ananditengera ku Rivirivi. A Filomena anali pabwalo akupeta nandolo. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi, ngakhale ndi aang'ono kwa ine. Sanakwatiwenso. Kamtsikana kataliko kanasuzumira pakhomo n'kubwerera, osandidziwa. Ndinagwada pa dothi, mwamuna wamkulu, ndinayamba kufotokoza kuchokera pachiyambi. Nditafika pa jombo paja anandidula.

"Ndikudziwa," anatero, lichero lili m'manja.

Ndinati mwina amva za dzulo ku bwalo.

"Iyayi. Ndinaona ndekha. Tsiku lija ndinabwera ndi mtsuko wa thobwa woti mumwe mpira ukatha. Poti anatiletsa kuyandikira, ndinakhala pansi pa mtengo, cha kumbali kwa golo. Pamene munkathawitsa nkhope, munaitembenuzira kwa ine. Maso anu ali otseka, ngati Malita akamamwa mankhwala owawa."

Mayo ine! Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa. "Nanga pa mlandu paja osanena bwanji? Mawu amodzi okha mukanapulumuka!"

Anapeta kawiri, katatu, mankhusu n'kuuluka. "Ndinakupemphani kuti munene nokha. Ndikananena ine, mkazi wanu, anthu onse aja akumva, mukanayendanso bwanji m'dziko muno? Ndinati dzina langa lipirire pang'ono mpaka abambo a Malita atsegule maso." Anaika lichero pansi. "Sindinadziwe kuti mutenga zaka zisanu."

Sanandilowetse m'nyumba tsiku limenelo, ndipo sindinayenere. A Zakaliya anandilozera malo kumapeto kwa munda, ndinamanga kakhumbi, ndinalima. Tinakolola kawiri ndili momwemo. Kenako tsiku lina masana ndinaona Malita akubwera, n'kupinda mphasa yanga, n'kuisenza kulowera kwa amake. Ndinamutsatira. Nditapempha kuti kabudula uyu timuchepetse m'chiuno kuti ndizivala, a Filomena anakana. Anati akhale choncho.

Ndiye abale anga, inu mwabwera kuno chifukwa cha mowa, ndipo za tiyi, za ntchito ya manja, za kusintha njira, zonsezo chitani, zimathandiza. Pezani munthu wosamwa woti azikuonani tsiku ndi tsiku, ngakhale akhale wa chipembedzo china, ngakhale akhale amene mumamuyesa mdani. Koma mukakhala panokha mudzifunse funso la telala uja: nanga mpira unalowa bwanji? Ine ndinamwa zaka zisanu kuthawa mawu amodzi. Ndipo inu anyamata a mpira, sabata yamawa mukagonja, wina akayamba kuyala ula n'kumaloza kunyumba kwa mnzanu, mumufunse kaye kuti iyeyo anali pati pamene mpira unkadutsa.

Chotsala n'chimodzi, ndipo ndi pempho. Ine ndinanena zoona pa bwalo tsiku limodzi, koma nyimbo ija inaimbidwa zaka zisanu, ndipo nyimbo sifa msanga. Mwezi wathawu, pa chigayo, mayi wina wosadziwa n'komwe nkhaniyi anaitana kuti, "A Nachigoli, ufa wanu uwu." Akazi anga anatembenuka, n'kukalandira. Anazolowera.

Loweruka lililonse amagulitsa nandolo pa msika, pafupi ndi ogulitsa mphasa. Mukadutsa pamenepo, mugule musagule, apatseni moni. Dzina lawo ndi a Filomena.